Matailosi a m'damu

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume, amene ankaphikira alangizi pa siteshoni ya zaulimi kumapiri a ku Ntchisi. Kuofesi anangofuna kuona khadi la chipani, mawa lake ndinayamba. Ndinkayembekezera khasu, koma anandipereka kwa a Chimwaza, mlangizi wa za nsomba, amene ananditengera kudamu.

M'madzimo anali atamangirira matailosi pa waya. Ena anali chogona, ena choimirira, ena pamthunzi wa mkuyu. Lolemba lililonse ndinkawavuula n'kuwaika m'beseni la madzi, iwo n'kumayang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu, kenako ndinkawabwezera mmene analili.

"Osatembenuza, osatsuka," ankatero.

Mutu unkandizungulira. Pamwamba, pofika dzuwa, pankamera ndere zobiriwira. Kunsi kwa tailosi lomwelo kunalibe ndere, kunali mazira a nkhono ndi timphutsi tokhala m'timachubu ta mchenga. Nditafunsa anati, "Ndere zimafuna dzuwa. Enawa amabisala dzuwa ndi matope ogwera pamwamba." Ndinavomera, koma sindinaone chifukwa choti munthu wophunzira azisunga zonyansa.

Tsiku lina a Chimwaza ali ku Lilongwe, tinamva kuti akuluakulu a chipani akubwera kudzaona damu. Kapitawo wa pasiteshoni anakoka waya n'kukwinya nkhope.

"Alendo adzaone nyansi izi? Tsuka!"

"Bwana anati ndisatsuke."

"Ndiye ukawauze wekha alendowo kuti wakana."

Masiku amenewo munthu akangomveka kuti wakana, nkhani inkafika patali. Ndinaima m'madzi ofika m'mawondo, bulashi ili m'manja, osadziwa woti ndimumvere. Mapeto ake ndinakwecha pamwamba pokha, kunsi osakhudza. Alendo anabwera, anaombera m'manja nsomba, matailosi sanawayang'ane n'komwe.

A Chimwaza atabwerako anavuula tailosi limodzi n'kuliyang'ana pamwamba ndi kunsi. Ntchito ya miyezi inayi inali itapita ndi bulashi. Ndinkangodikira kuti andiuze ndizipita kwathu.

"Nanga kunsiku unasiyiranji?"

"Kapitawo sanayang'aneko."

Anapukusa mutu. "Theka wapha, theka wasunga. Bweretsa beseni."

Madzulo ake ndi pamene anandifotokozera kuti ankafufuza malo obisalamo nkhono zofalitsa likodzo, chifukwa ana a m'mudzi ankasamba m'damumo. Ndikanadziwa zimenezo, ndikanakhala ndi chomuyankha kapitawo. Kuyambira pamenepo, kulikonse kumene ndagwirako ntchito, sindigwira chida ndisanafunse kuti ntchitoyo ndi ya chiyani.