Mtedza wa mu Poto

Hotela yomwe tinkagwirako ntchito itatsekedwa chifukwa cha korona, tinatsala amuna asanu m'chipinda chimodzi ku Hor Al Anz, kudziko la Aluya, tikungoyang'anana ngati nkhuku za m'khola. Kutuluka panja kunkafuna chilolezo. Waifai ya kampani inkagwira pamalo amodzi okha, pabedi lapamwamba la pafupi ndi zenera, ndipo bedi limenelo linatsala pang'ono kutidanitsa.

Anathetsa mkanganowo ndi wamkulu wa tonsefe, mlonda wa pageti wochokera ku Ntcheu, yemwe tinkangowatchula kuti Madala. Iwo anati bedilo lisamapemphedwe, munthu azichita kulipambana. Mnzathu wa ku Chipata, wotsuka mbale kukhitchini, anatiphunzitsa masewera a makhadi otchedwa poka. Njuga ya ndalama kumeneko ndi mlandu, choncho tinkabetcha mtedza wokazinga, wa m'thumba lomwe tinagula ku Ras Al Khor misika isanatsekedwe. Lolemba tinkagawana mofanana, ndipo wopezeka ndi wambiri Lachisanu ndiye ankakwera pabedipo mpaka Lamulungu.

Ine anandipatsa udindo wosunga chiwerengero cha mulu wa pakati, umene tinkautcha poto. Poyamba tinkasewera ya limiti, ya mlingo wodziwika: njere ziwiri koyambirira, zinayi kumapeto. Imeneyo inali phala lenileni. Ndinkangowerenga anthu amene alowa ndi maulendo amene awonjezera, osaugwira n'komwe muluwo. Koma wa ku Chipata uja itamukwana anabweretsa ya nolimiti, yoti munthu akafuna amakankha mtedza wake wonse kamodzi. Apa ndiye mutu unkazungulira, chifukwa aliyense asanabetche ankandifunsa kukula kwa poto, ndipo njere iliyonse yoponyedwa ndinkayenera kuisunga m'mutu.

Chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti munthu wakwathu sangaone mtedza patsogolo pake dzanja n'kukhala phee. Maso ali pamakhadi, dzanja lapita lokha pamulu. Ndikanena kuti mu poto muli makumi anayi, wopambana ankapeza makumi atatu, kenako onse n'kumandiseka kuti sukulu ndinangopitira phala, timakoko tofiira tili mbuu pamilomo yawo. Ndinakalipa mpaka tinaika lamulo: wodya wa mu poto alipira kawiri, koma wodya wa pamulu wake, zake zimenezo, wadya chuma chake.

Ndiye inafika sabata ya chinkhoswe cha mwana wamkazi wa Madala. Ndege sizinkauluka. Mphwawo analonjeza kuti Loweruka adzawaonetsa mwambo wonse pafoni, zomwe zinkatheka pabedi lija basi. Tinawauza kuti angokwerapo, sabata imeneyo tisasewere. Anakana kwamtuwagalu.

"Lamulo ndinaika ndine," anatero. "Walira mvula walira matope."

Lachisanu masana anali ndi mulu wooneka ndithu. Pamasewera omaliza anandifunsa kukula kwa poto, ndinawauza, ndipo anabetcha mtedza wofanana ndi wa mu potomo. Enafe tinataya makhadi, koma wa ku Chipata analowa. Madala anagwetsa mafumu awiri monyadira. Mnzathuyo anayang'ana makhadi ake nthawi yaitali asanawaonetse: anali ndi atatu ofanana. Anakokera poto yense kwake ngati munthu wokolola m'munda wa eni. Madala anatsala ndi mtedza wosadzaza n'chikhatho chomwe, ndipo ine mtima unandiwawa kwambiri.

Chizolowezi chathu chinali choyamba tamwa tiyi tisanawerenge milu. Tiyi ali m'makapu, wa ku Chipata anatapa mtedza wodzaza dzanja pamulu wake n'kuponya m'kamwa.

"Ba mudala, lelo njala yanipweteka maningi," anatero uku akutafuna. "Yalla, tiyeni anyamata, tiyi wopanda kanthu ni wa ku chipatala."

Awiri enawo anamva msanga, nayamba kukukuta wawo. M'chipindamo munkangomveka kukukuta basi. Madala anatiyang'ana mmodzimmodzi, kenako anatembenukira kwa ine, poti ndine ndinkadziwika ndi kulalata.

"Iwe wa masamu, zimenezi sukuziona?"

"Aliyense akudya wake, Madala," ndinayankha. "Lamulo silikuletsa."

Ndinatapa wanga nanenso. Mnzathu wa ku Chipata anavutika zedi, chifukwa mulu wake unali wa anthu anayi, ndipo chakumapeto ankachita kumezera tiyi, thukuta lili kamukamu. Nditawerenga, Madala anatiposa tonse. Anaseka mpaka kupukuta maso ndi kolala ya malaya.

Loweruka anavala jekete ndi tayi ya yunifomu, nakwera pabedipo opanda nsapato. Ife tinagona m'munsi, m'mimba muli guduguduu, tikumvetsera nthungululu zochokera ku Ntcheu. Mwana wawo atabwera pafoni anawafunsa kuti netiweki yabwino choncho aipeza kuti.

"Pabedi la akatswiri, mwana wanga," anayankha mokweza kuti tonse timve. "Ndachita kulipambana."