Fumbi Loyera pa Chopondera cha Jilali

Jilali ndi munthu woti ukamupatsa moni amayamba wakuyang'ana m'manja asanayankhe. Tinakulira limodzi ku Hay Mohammadi kuno ku Casablanca, makomo oyang'anizana, ndipo sindinamuonepo akulandira chinthu osachinunkhiza. Buledi amanunkhiza, nsapato amanunkhiza, ngakhale waya wa magetsi. Tsiku limene ankakwatira Rkia ananditengera pambali n'kundifunsa ngati shehe amene wabwerayo ndi shehe weniweni. Nthawi zina amanditopetsa kwabasi, koma munthu ukakula naye umangomuzolowera ngati chitseko cholira.

Ntchito yake ndi yowotcherera zitsulo za m'mawindo. Iye amati ntchito imeneyi ndi imene inamutsegula maso. Aliyense wodzaoda zitsulo amabwera ndi nkhani ya wakuba, ndipo ukafunsitsa, wakubayo amakhala wa m'nyumba momwemo.

Koma likafika Loweruka masana, Jilali ndi woimba gitala ya besi. Bandi yathu ya roko ndi ya anthu atatu chiyambire unyamata wathu. Lahcen, amene amapaka pulasitala m'nyumba za anthu, ndiye wa gitala ndi kuimba. Ine, woyendetsa takisi, ndimakhala pa ng'oma. Timaphunzirira m'galaja ya Lahcen, imene chitseko chake chachitsulo anawotcherera ndi Jilali yemweyo. Kutchuka ndiye ayi. Timaimba m'malo angapo a m'dera la Maarif mumzinda momwemuno, ndiponso pa zikondwerero za achinyamata bandi ina ikalephera kubwera. Tsitsi linatithera pamutu, koma phokoso likadalipo.

Chaka chatha makina odulira zitsulo anamupulumuka Jilali n'kumucheka dzanja lamanzere. Zala zinatsala zonse, koma ziwiri zinapindika osawongokanso. Bala litapola anabwera ku galaja, n'kukolekera besi yake paphewa monga mwa masiku onse. Nsambo za besi ndi zonenepa, zimafuna chala champhamvu. Anayesa, anayesanso, mawu ake akungomveka ngati ntchentche m'botolo. Kenako anaitsamiritsa kukhoma n'kukhala pansi. Ine ndinamva chisoni moti ndinayamba kumangitsa zomangira za ng'oma zimene zinali zomanga kale. Tonse tinkadziwa kuti zikapitirira chonchi, Jilali watha m'bandi imene anayambitsa yekha.

Lahcen ndi amene anayamba kulankhula.

"Bwanawe, pali chinthu china ndinachiona kwa oimba akunja. Besi yoponda ndi phazi. Ndi chibokosi chachitsulo, kutsogoloku timatabwa ndandanda ngati pa limba, kungoti timatabwa take n'takutitakuti. Ukaponda, besi ikulira. Miyendo uli nayo yonse, si choncho?"

Jilali anadikira mpaka ife awiri tili mu takisi yanga.

"Wamumva mnzakoyo?" anandifunsa.

"Ndamumva. Nzeru yabwinotu imeneyo."

"Yabwino kwa ndani? Chinthu chimenecho ndimachidziwa ine. Ukudziwa amene amachiponda? Wa gitala. Manja pa gitala, phazi pa besi, wa besi n'kumuuza kuti zikomo kwambiri achimwene, kapumeni. Undiuze, Lahcen wakhala akuchiganizira kuyambira liti?"

"Iwe, munthu akufuna kukuthandiza."

"Ee, onse amayamba choncho."

Anagamula yekha kuti chopondera chimenecho achipeze ndi iye, Lahcen asanachipeze, ndipo Lahcen asadziwe n'komwe kuti chikufunidwa. Chatsopano m'masitolo a mumzinda muno simungachione, ndipo kuitanitsa kunja kwa munthu amene sanamuonepo nkhope, Jilali sangayerekeze. Kunatsala kumsika wa Derb Ghallef.

Tsono ku Derb Ghallef kulibe wogulitsa amene amati ndilibe. Amakukhazika pakampando, kukuitanitsira tiyi, iye n'kuzimirira m'tinjira ta msikawo. Pobwera wanyamula katundu wa mnzake, mtengo utakwerera panjira. Ndipo akangoona m'maso mwako kuti chinthucho ukuchifunadi, wapsa. Jilali amazidziwa bwino zimenezi, ndiye anati iye sakafunsa yekha. Anatuma ine. Anatumanso wometa wa pakona pathu, mlamu wake wina, mpaka Rkia amene. Aliyense anamupatsa mbali yake ya msika ndi bodza lakelake. Ine ndimayenera kunena kuti ndi kasitomala wanga wachilendo amene wandituma. Rkia anene kuti n'cha mwana wa mchemwali wake.

Zimene tinkabwera nazo zinali zoseketsa. Ine anandibweretsera timabokosi tosinthira mawu a gitala, wogulitsayo akulumbira pali mayi ake kuti ndi timeneto. Rkia naye ogulitsa anamubweretsera chopondera cha makina osokera, ndipo anafika kunyumba atakwiya.

"Bambo a Hiba," anamuuza Jilali, "ulendo wina mukapite nokha. Munthu wandimwetsa tiyi mpaka m'mimba kulira, mapeto ake akundipatsa chinthu choti ndili nacho kale kuchipinda."

"Unamuuza dzina langa?"

"Dzina lanu likanamuthandiza chiyani? Mumadziona ngati nduna?"

Chimene Jilali sanawerengere n'chakuti tinjira tonse ta msikawo, ukamafuna zoimbira zakale, timakathera pakhomo limodzi. Pakhomopo ndi pa a Miloud, mkulu wa ndevu zoyera amene amagula katundu wotsala m'mahotela ndi wobwera ndi abale athu ochokera ku Ulaya nyengo yotentha. Mumsika monsemo chopondera cha besi chinalimo chimodzi chokha, ndipo kwa zaka zambiri a Miloud ankasanjikapo mawailesi akufa. Mwadzidzidzi ogulitsa anzawo anayamba kufika, lero uyu, mawa uyo, onse akufunsa chinthu chimodzimodzi. Mkuluyo nayenso kukayikira ndiye kwawo. Anachichotsa pamaso pa anthu n'kuyamba kuyankha aliyense kuti sanachionepo chibadwire.

Wometa uja ndi amene anadzamva mphekesera yoti chinthucho chili kwa a Miloud. Apa Jilali anavomera kuti tipite tokha. Anavala jekete long'ambika kuti aoneke wosauka, ngati kuti anali ndi lina labwino.

"Salaamu aleikumu, a Haji," anatero Jilali, maso ali kudenga. "Tikufuna simbi yositira. Yakale koma yogwira."

A Miloud anatiyang'ana kuyambira kumapazi. Anayang'ananso dzanja la Jilali.

"Aleikumu salaamu. Simbi ndi uko kwa oyandikana nawo. Inu mwabwerera chopondera."

"Chopondera chanji?"

"Aa, musanditayitse nthawi, mwana wanga. Mzinda wonse wapenga nacho. Wa takisi akuchifuna, wometa akuchifuna, mayi wina akuti n'cha mwana wa mchemwali wake. Ndinafika poganiza kuti mwina muli golide m'kati, ndinachimasula n'kuona. Mawaya okhaokha."

Ine ndinaluma mlomo kuti ndisaseke. Jilali anandiponda phazi.

"Chabwino, a Haji. Tingachione?"

"Chinapita. Papita masabata."

"Kwa ndani?"

"Ine sinditchula makasitomala anga. Koma ndikuuzeni, mwa anthu onsewo ndi yekhayo amene anabwera ndi miyendo yake, n'kunena chimene akufuna osazungulira. Ndinamugulitsa chifukwa cha chimenecho. Choipa chake, anandisiyira fumbi loyera pampando wangawu, mpaka lero silikuchoka."

Kuseka kunandithera pomwepo. Fumbi loyera ndi la pulasitala, ndipo wopaka pulasitala wofuna besi yoponda mumzinda muno alipo mmodzi. Masabata onsewo tinkakumana ku galaja Loweruka lililonse, kumwa tiyi, kucheza za mpira, Lahcen osatchulako kanthu.

Tili m'galimoto ndinkayembekeza kuti Jilali ayamba kudzitama kuti ananena. Sanatero. Anangobisa dzanja lopindikalo m'jekete. Moyo wake wonse wakhala akudikira kuti wina amuchite chipongwe, ndipo tsiku limene zinaoneka kuti zachitikadi, anangooneka ngati munthu wokalamba. Ine mtima unandiwawa, ndipo Lahcen ndinamukwiyira zedi.

Loweruka lotsatira Jilali anati tipite akatenge sipika yake, zithere pomwepo. Tinamupeza Lahcen atatsegula kale galaja, tiyi ali pambaula. Pakati pa chipindacho panali chinthu chofunditsidwa bulangete.

"Mwachedwatu madala," anatero Lahcen. Anavundukula bulangetelo. "Jilali, katundu wako uyu. Ndinamupeza kwa a Miloud."

Chinali chibokosi chakuda, cholemera, chopukutidwa mpaka kuwala. Munthu wina aliyense akanalumpha n'kumukumbatira mnzake. Jilali anagwada n'kuchinunkhiza. Anachitembenuza, kuyang'ana zomangira zake, kugwedeza waya. Kenako anawerama kwambiri, nkhope pafupi ndi timatabwa topondapo, n'kuyamba kulowetsa chikhadabo m'mipata yake.

"Wapukuta bwino," anatero osadzutsa mutu. "Koma pulasitala m'mipata satuluka."

"Ndimayesa ngati chikugwira. Ukufuna ndikupatse chinthu chakufa?"

"Woyesa amaponda tonse, kamodzikamodzi. Taona apa. Aka n'koyera, aka n'koyera, aka ndi aka. Enawa ndi akuda bii, sanapondedwepo." Anadzutsa mutu. "Awa ndi manoti a nyimbo yathu ya kudoko ija. Besi yake ndinapeka ndine. Umabwera kuchokera kuntchito, nsapato osavula, n'kumaphunzira besi yanga."

Ndinkafuna Lahcen akane, alumbire, akalipe, chilichonse. Iye anakanda pamutu pake popanda tsitsipo n'kukhala pa sipika.

"Chabwino. Ndimaphunzira."

"Chifukwa?"

"Ndimafuna ndione ngati ndingathe. Ndinaganiza kuti mwina dzanja lakufooketsa mtima, mwina sudzabweranso. Ndinachita mantha kuti bandi yatha. Ndipo ndisakubisire, chitangolira koyamba chinandikoma."

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani?"

"Ukutha?"

Lahcen anamuyang'ana m'maso. "Ndikutha. Nyimbo zathu zonse. Gitala, kuimba, besi, zonse pakamodzi. Si zovuta kwenikweni."

Ndinatsala pang'ono kumugenda ndi ndodo ya ng'oma. Munthu wanzeru amati ndinayesa koma zinandikanika, mnzake n'kupeza poimira. Koma Jilali sanagwedezeke.

"Nanga wandipatsiranji?"

"Chifukwa n'chako, iwe chitsiru. Ukufuna ndikunamize? Ndikanati ndinalephera ukanandikhulupirira?"

"Ayi."

"Basi. Vula zinsapato zakozo, n'zazikulu, uziponda tiwiri nthawi imodzi."

Jilali anakhala nthawi yaitali ali chigwadire. Kenako anakhala pampando n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato zake zakuntchito ndi dzanja limodzi. Palibe anamuthandiza, tinkadziwa kuti tikayerekeza atuluka. Sokosi yake inali ndi mabowo a moto wowotcherera, chala chachikulu chili pamtunda. Anaika phazi pa kathabwa koyamba koyera kaja n'kuponda. Besi inabangula, chitseko chachitsulo chija n'kunjenjemera, matambula a tiyi akugundana pathebulo. Anaponda kachiwiri, n'kuphonya. Anatukwana. Anapondanso.

"Iwe wa ng'oma, wagona?" anandikalipira. "Werenga tiyambe!"

Tsiku limenelo anaimba moipa kwambiri, ndipo ine ndinasangalala ngati mwana.

Pano wazolowera. Amaimba chikhalire, wopanda nsapato, manja atapinda pachifuwa ngati munthu wodikira basi, ndipo achinyamata a ku Maarif amamujambula mapazi ndi mafoni awo. Iye amati akufuna kumubera kapondedwe. Malo ake m'bandi alipo, koma akudziwa, ndipo tonse tikudziwa, kuti alipo chifukwa Lahcen anafuna kuti akhalepo. Zimenezo sizinamuchoke.

N'chifukwa chake chopondera chija sichigona m'galaja ya Lahcen ngakhale tsiku limodzi. Sipika amasiya, besi yake yakale amasiya, koma chibokosi cholemeracho amapita nacho kwawo pa kanjinga kake kamoto, ndipo Rkia akuti akafika amayamba waunika m'mipata muja asanavule jekete. Tsiku lina ndinamufunsa.

"Bwanji osangochisiya? Msana uthyoka. Munthu uja anakuuza zoona zokhazokha."

"Ndikudziwa kuti anandiuza zoona," anayankha. "Anati akutha."

Kungoti ndi dzanja limenelo Jilali sangamange chingwe. Ndiye Loweruka lililonse tikamaliza, iye amagwira njinga, Lahcen n'kugwada mumsewu kumangirira chopondera pakaliyala, kuti chipite kutali ndi mapazi ake omwe. Amakoka chingwe, kumanga mfundo, n'kumenya pampando kuti zatheka. Jilali, munthu wonunkhiza buledi, amakwera n'kuliza njinga osacheuka kuti aone mfundoyo.