Kukana kwa Bambo Parviz

Lenifa Chakufwa anabwera ku Silver Spring, kuno ku Amerika, mu 2011 kudzaphunzira unamwino. Sukulu sanamalize. Mwamuna wake atamwalira, anayamba ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Timapemphera mpingo umodzi ku Lanham, ndipo Lamulungu amanditenga pa galimoto yake.

Kwa zaka zitatu ankasamalira bambo Parviz a ku Annandale, nkhalamba yochokera ku Iran imene kale inkaphunzitsa Chiperisiya. Matenda oiwala atakula, Chingerezi chinawathawa, anatsala ndi chiyankhulo cha kwawo chokha. Lenifa anachiphunzira kwa iwo omwewo. Anamuonetsa kuti ukatenga dzina la chinthu n'kuwonjezapo kardan, ndiko kuti kuchita, wapanga mneni. Kar ndi ntchito, kar kardan ndi kugwira ntchito. Garm ndi chotentha, garm kardan ndi kutenthetsa. Lenifa akalakwitsa, mkuluyo ankamenya tebulo ndi supuni, n'kuseka.

Kenaka bambo Parviz anayamba kuwonda. Lenifa akabweretsa mpunga, iwo ankaika dzanja pachifuwa n'kukana mwaulemu. Kampani imene inamulemba ntchito inali ndi lamulo lakuti wodwala akakana usamukakamize, choncho ankachotsa mbale ija. Mwana wawo Nasrin, wokhala kutali ku California, anati akapitiriza kuwonda adzawapititsa kunyumba yosungirako okalamba.

Lenifa anayesa supu, anayesa mazira. Miyezi iwiri, dzanja pachifuwa.

Tsiku lodzawatenga, Nasrin anabwera n'kuwaikira tiyi ndi buledi. Anakana. Anawapatsanso, anakana. Kachitatu analandira, n'kudya mpaka nyenyeswa.

"Kwathu sulandira koyamba," anatero Nasrin, misozi ili m'maso. "Timati taarof kardan. Umakana, n'kudikira kuti akuumirize. Bambo anausiya kalekale mwambowu. Sindinaganize kuti wabwerera."

Koma mapepala owapititsira kosungirako okalamba anali atasainidwa kale, nyumba yawo itagulitsidwa.

Lamulungu lotsatira Lenifa anaimitsa galimoto pafupi ndi tchalitchi, osatsika.

"Ankolo, kwathu ku Mzimba mlendo safunsidwa ngati adya. Umangomuikira. Ndinazidziwa ndili kamwana zimenezi. Nanga ndinazitaya kuti?"



Lenifa anaimbira foni kawiri kunyumba ya okalamba kuja, kupempha kuti mkuluyo akakana chakudya aziwapatsanso mpaka katatu. Amene anayankha anati alemba pempholo. Koma kumeneko wantchito mmodzi amadyetsa anthu khumi ndi awiri, ndipo mbale imabwera kamodzi.

Bambo Parviz anakhalako milungu isanu ndi umodzi, n'kumwalira.