Mphatso za aMawotchi

Anzanga, musamati chikondi n'cha ana okha. Ine chinandigwira ndili ndi imvi, mano awiri atachoka kale.

Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo. Tsiku lina pambali panga panafika bambo wina wokonza mawotchi, ndi katebulo kake. Tonse tinkangoti aMawotchi.

Anandiyang'ana ndi kagalasi kawo ka diso limodzi.

"ATelala, makina anuwo akulira ngati mbuzi yomangidwa. Ndiwathire mafuta?"

"Thirani pakamwa panupo, bambo, ndi pamene pakusokosa!"

Anaseka mpaka kagalasi kanagwa. Basi, zinayambira pomwepo. Iwo akazi awo anamwalira, ine amuna anga chimodzimodzi. Tiyi tinkamwera fulasiki imodzi.

Chaka chachiwiri manja awo anayamba kunjenjemera. Tizitsulo tinkagwa pansi, ine n'kumawatolera. Makasitomala anathawa mmodzimmodzi. Nthabwala zinatha, tiyi ankangozizira m'kapu.

"Mwatani kodi?"

"Ndili bwino, aTelala. Mwamuna sadandaula."

Ine n'kukhulupirira.

Kenaka mwadzidzidzi anayambanso kumwetulira. Katebulo anapatsa kalipentala. Wailesi anapatsa aneba. Mphaka wawo anabwera naye kwanga m'katoni, pamodzi ndi wotchi ya malemu bambo awo.

"Muzipotokola kachitsulo aka m'mawa uliwonse, isaime. Mwandisamala, mayi. Zikomo."

Anzanga, mukudziwa zimene ndinaganiza? Ndinati munthuyu akupungula katundu kuti asamukire kwanga! Ndinasoka makatani atsopano. Ndinamuimbira mwana wanga: "Konzeka, ukupeza bambo!"

Lolemba m'mawa ndikusoka, panaima mlongo wawo wa aMawotchi, maso ali psuu.

"Alamu... achimwene adzipha."

Phazi linauma pa makina. Ndinati mwina sindinamve. Anabwerezanso.

Tikupita kuchipatala kumene kunali thupi lawo m'pamene anandiuza zonse. Adokotala anali atawauza kuti kunjenjemerako sikudzatha. Kwa miyezi sankagona, anayamba kumwa okhaokha m'nyumba. Bambo awo, eni wotchi ija, anapitanso njira yomweyo, koma abale ankabisa chifukwa cha manyazi.

Ine, wokhala nawo pafupi ngati mkono ndi malaya, osadziwa kalikonse!

Titafika, namwino wina anandigwira dzanja. "Agogo, matenda, kutha kwa ntchito, kusungulumwa, zikaunjikana zimalemera. Munthu wotero akayamba kugawa zinthu zimene amazikonda n'kumathokoza ngati akutsanzika, m'funseni mosapsatira: kodi mukuganiza zodzipha? Kufunsa sikupha. Kenaka musamusiye yekha, bwerani naye kuno. Thandizo lilipo."

Ndinati, "Mwana wanga, ine ndimayesa chikwati..."

Makatani aja ndinawapinda, ali m'sutikesi. Mphaka amagona pa mpando umene ndinakonzera aMawotchi.

Anzanga, wanu akati "ndili bwino" maso akunena zina, musavomere msanga ngati ine. Funsaninso kachiwiri.

Wotchi ija ndimaipotokola m'mawa uliwonse. Sinaimepo.