Dalanda Akaona Conakry Nyengo ya Mvula

Alamu anga a Dalanda Barry anakwatiwa ndi achimwene anga a Cellou ine ndidakali kamtsikana, ndipo kuyambira tsiku limene analowa pakhomo pathu atafunda nsalu yoyera, sindikumbuka kuti ndinawaonapo akufulumira. Kwathu ku Dalaba anthu amayenda mothamanga m'mawa chifukwa cha kuzizira, koma iwo ankayenda ngati munthu amene akumvetsera nyimbo yomwe ena sakuimva. Amayi akawatuma kukathyola therere kudimba la kuseri kwa nyumba, ankakawapeza ataima pakati pa chimanga, akuyang'ana nkhungu ikukwera kuchokera kuchigwa.

Ntchito yawo inali yonyika nsalu mu utoto. Ankasinja masamba a ngara, chomera chotulutsa utoto, n'kuumba timibulu, kuyanika, kenako kuviika mumgolo ndi madzi a phulusa mpaka zitasasa. Nsalu imatuluka mumgolo wotere ili yobiriwira ngati msipu, koma ikangowombedwa ndi mphepo imayamba kuda m'manja mwako momwemo, mpaka isanduke ya buluu. A Dalanda anagwira ntchitoyi moyo wawo wonse, koma nthawi iliyonse ankaima n'kumaonerera ngati ndi koyamba.

Nyanja anali asanaionepo. Amayi ogula nsalu akabwera kuchokera ku Conakry, iwo sankalimbana nawo kwambiri pa mtengo. Ankawapatsa chambiko n'kuyamba kuwafunsa za madzi aja. Kodi amatha pati? Kodi ndi a mtundu wanji? Wina atawauza kuti ndi a buluu, anamwetulira n'kunena kuti, "Ndinadziwa. Ndi mgolo wa Mulungu umenewo."

Achimwene atamwalira, a Dalanda anatsala okha m'nyumba. Mwana wawo Sadou anali atakhazikika kale ku Conakry, akugulitsa zipangizo za mafoni kumsika wa Madina. Anali ndi mkazi, Oumou, ndi kamwana kakakazi, Ramata. Miyezi yachisoni itatha, Sadou anayamba kuimba foni Lachisanu lililonse.

"Amayi, mukudikira chiyani kumapiriko? Nsalu zanu kuno anthu akulemera nazo, inu mukungotsala ndi nyamakazi. Bwerani muzigulitsa nokha."

"Ndamva, bambo anga. Ndiganize kaye."

Anaganiza nyengo yonse yozizira. Ine ndinkapita kwawo madzulo aliwonse kukawathandiza kupinda nsalu, ndipo ndisabise, ndinkapitanso kukawaletsa. Mlamu ndi munthu amene ungamunene chilichonse, choncho sindinkawanyengerera.

"Inu alamu, mukasungunuka kumeneko ngati batala. Munthu woti mumafunda mabulangete mpaka dzuwa litakwera, mukatani kumalo koti anthu amatuluka thukuta ali chigonere?"

"Mwina maondo angawa akasungunuka nawo, Djenabou. Akhala ali miyala kwa nthawi yaitali."

Zinali zoona. Mphepo youma ya kuchipululu ikayamba mu Disembala, ankadzuka movutika, n'kukhala pafupi ndi mbaula mpaka miyendo itavomera. Koma ntchito yawo inkafuna mphepo yomweyo, chifukwa ndi imene imaumitsa nsalu msanga mtundu usanathawe.

Tikachoka pa nkhani ya nyengo tinkafika pa za mtengo wa zinthu. Apa ndinkaona kuti ndapambana. Pakhomo pawo malalanje ankagwa okha n'kumawola, mbuzi zitatopa nawo. Madzi ankatunga pakasupe kumunsi kwa dimba. Koko, mbatata, tsabola, zonse zinali kuseri kwa nyumba. Ku Conakry, tinkamva kuti madzi amagula m'zigubu, makala amagula m'timapepala, ndipo lendi ya chipinda chimodzi pachaka ikhoza kugula ng'ombe ya mkaka.

"Ndiye mgolo wanu muzikadzaza ndi madzi ogula?"

Ankangosisita nsalu ndi chikhatho, maso ali kutali.

Chimene chinkawaopsa kwenikweni anachinena kamodzi kokha. Tinali kubwera kumaliro a mayi wina wa mudzi woyandikana nawo, tikutsika kanjira ka pakati pa mitengo ya paini. Anati, "Kuno ndikafa, ondisambitsa ndikuwadziwa mayina. Kumeneko anthu amayankhula Chisusu, amapatsana moni akuyenda. Munthu angandifunse za ana, za ng'ombe, za kuzizira, za mmene ndagonera? Kapena ndizikangodutsa ngati mphaka?"

Amene anathetsa nkhaniyi anali a Sow, dalaivala wa galimoto yopita kumzinda. Kwathu anthu a mfunda wa Sow ndi a mfunda wa Barry satha kukumana osanyozana mwanthabwala, ndipo tsiku limenelo anatipeza pamsika tikugula mchere.

"Ndamva kuti a Barry akufuna kukamaliza mpunga wa ku Conakry. Tiwachenjeze anthu atseke nkhokwe."

"Bola ife timadya, inu a Sow mumanyambita mbale za alendo," anayankha a Dalanda mosakweza mawu.

A Sow anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati, "Mayi anga, mverani. Mkazi samusankha pa tsiku la chikondwerero atadzola. Mukafuna kuudziwa mzinda uja, musapite mu Januwale kuli kamphepo. Pitani mu Ogasiti, mukauone utadzuka kumene, usanasambe m'maso. Mukaukonda pamenepo, ndi wanu."

Ndi mmene tinanyamukira mwezi wa Ogasiti, awirife, chifukwa ndinakana kuti apite okha. Tinatenga thumba la fonyo, timbewu tathu tating'ono tonga mawere, chigubu cha chambiko ndi mtolo wa nsalu. Galimoto inkatsika mapiri ngati ikulowa m'chitsime. Titadutsa Mamou tinavula majuzi. Titadutsa Kindia mpweya unayamba kulemera, ukukakamira pakhungu ngati nsalu yonyowa. A Dalanda anatsamira pazenera, osagona, akuyang'ana migwalangwa ikuchuluka.

Conakry inatilandira ndi mvula imene sindinaionepo. Kwathu mvula imabwera, imagwa, imapita, dzuwa n'kutuluka. Iyi sinkagwa m'madontho, inkangokhuthuka. Misewu inali mitsinje, anyamata a njinga zamoto akuwoloka madzi ali m'maondo. Sadou ankakhala m'zipinda ziwiri za mumpanda wa mabanja ambiri. Makoma anali obiriwira ndi ndere, nsapato zikachita masiku pang'ono pansi pa bedi zinkamera chuku. Chambiko chathu chinawawa tisanachimalize. Nsalu imene a Dalanda anachapa tsiku lofika inali isanaume sabata ikutha.

Ine ndinkasangalala mumtima. Chilichonse chimene ndinanena chinali chikuoneka ndi maso. Oumou akabwera kumsika n'kutchula mtengo wa anyezi, ndinkawayang'ana alamu anga n'kukhosomola dala.

Nyanja tinakaiona mvula italeka pang'ono. Sadou anatitengera kudoko la asodzi. Madzi anali otuwa ngati phulusa, m'mphepete muli mapepala ndi nsapato zothaitha, fungo la nsomba lili tho. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinakonza kale mawu owatonthoza. Koma iwo anavula nsapato, n'kulowa mpaka madzi atafika m'akakolo, n'kuima. Anaima nthawi yaitali moti Sadou anayamba kuyang'ana foni yake. Mabwato ankabwera, ena ankapita, kutali zilumba zikuoneka n'kubisikanso m'mitambo.

"Si buluu," ndinatero atatuluka.

"Ayi. Koma ikupuma, Djenabou. Sanandiuze kuti imapuma."

Mumpanda muja munali mayi wina wa Chisusu, a Mabinty Bangoura, wowamba nsomba, wamkulu thupi, wa mawu omveka mpaka kumsewu. Sankadziwa chiyankhulo chathu cha Chipula, a Dalanda sankadziwa Chisusu. Tsiku lina a Mabinty anaona nsalu ya alamu anga ili pachingwe ikudontha, anaichotsa osapempha, n'kukaiyanika pamwamba pa uvuni wawo wa nsomba. Inauma, koma inkanunkha utsi ndi nsomba moti amphaka ankaitsatira. A Dalanda anainunkhiza, anawayang'ana a Mabinty, ndipo onse awiri anaseka mpaka kukhala pansi pakhonde. Madzulo ake kunabwera mbale ya mpunga ndi chigwada cha mafuta ofiira. M'mawa mwake a Dalanda anabweza mbaleyo muli fonyo.

Kuyambira pamenepo ankakhala limodzi pakhonde mvula ikugwa, wina akuyankhula chake, wina chake, Ramata ali pakati. Kamwanako kanali ka zaka zoyamba kumene sukulu, ndipo Chipula chake chinali chothyokathyoka, chosakanikira Chisusu ndi Chifalansa. Kankayesa kumasulira, kakatopa n'kumangopeka zake. A Dalanda ankakaluka tsitsi n'kumakaphunzitsa mayina a ng'ombe potengera mawanga ake, ngakhale kuti kanali kasanaonepo ng'ombe yamoyo kupatula ya pa chikondwerero.

Ndinazindikiranso chinthu china. M'mawa a Dalanda ankadzuka osagwira khoma. Ankatuluka okha kukagula buledi, ambulera ili kumanja, n'kuchedwa kubwera. Tsiku lina ndinawatsatira. Sanapite kulikonse kodabwitsa. Ankangoyenda pakati pa anthu, kuima pa wosoka nsapato, pa wogulitsa zidebe, kuyang'ana m'mwamba nyumba zosanja zosamalizidwa zomwe pamwamba pake panamera udzu. Palibe amene anawapatsa moni.

"Mwaona? Ngati mphaka ndithu," ndinawauza nditawapeza.

"Eya. Koma ukudziwa, kuchokera pamene achimwene ako anatisiya, aliyense ku Dalaba akandiona amatsitsa mawu. Ngakhale ana. Ndine mkazi wa malemu a Cellou kuyambira pachipata mpaka pamsika. Kuno munthu anandigunda phewa dzulo, n'kundikalipira kuti ndiziyenda bwino." Anaseka pang'ono. "Ndinamva kukoma."

Anali achimwene anga amene ankanenedwawo, ndipo zinandipweteka, koma sindinapeze bodza m'mawu awo.

Tinabwerera kumapiri mwezi usanathe. A Dalanda sanauze aliyense maganizo awo. Anakolola chimanga, ananyika nsalu zonse zimene anthu anawasiyira, anakonzetsa denga. Ine ndinkauza anthu kuti nkhani ija inatha, mvula inawachiritsa. Pa zonse zimene tinayeza, Dalaba inkalemera: madzi aulere, mpweya wabwino, anthu ako, manda a mwamuna wako. Ngakhale Sadou analeka kukakamiza, ataona yekha mmene amayi ake ankatulukira thukuta m'kachipinda kaja.

Mphepo yozizira itangoyamba, a Dalanda anandiitana m'mawa. Ndinapeza migolo yawo itatsukidwa, ili mondondozana pabwalo.

"Iyi ndi ya mwana wako Kadidia. Dzanja lake ndi labwino, amangofulumira. Azinyika kuno, azinditumizira, ine ndizigulitsa. Nyumba usaitseke, uzitsegula mazenera."

"Alamu, mwapenga? Zonse tinaona zija?"

"Ndinaziona. Ukunena zoona pa zonse, palibe chimene ndingakutsutse."

"Nanga tsono?"

Anayang'ana kuchigwa kumene nkhungu inali isanachoke. "Kuno ndikudziwa mmene tsiku lililonse lidzathere mpaka lomaliza. Ndi kwabwino, koma ndakuona kale."

Anapita ndi a Sow, atakhala kutsogolo, akunyozana kuyambira pasiteji.

Chaka choyamba chinali chowawa. Anadwala malungo kawiri, kachiwiriko mpaka kugonekedwa m'chipatala. Anasemphana ndi Oumou pa nkhani ya khitchini, chifukwa akazi awiri pa mbaula imodzi sachedwa kukangana. Malonda sanayende monga ankanenera Sadou, popeza msika unadzaza ndi nsalu za kufakitale zotengera maluwa a nsalu zathu, zotsika mtengo. Panapita nthawi kuti apeze anthu awo, amayi ofuna nsalu yeniyeni ya ukwati, amene amainunkhiza kaye asanagule. Pamene anadwala paja, amene anagona pansi pambali pa bedi lawo anali a Mabinty.

Tsopano ali ndi kachipinda kawokawo mumpanda womwe uja, ndi kathebulo pakhomo la sitolo ya munthu wina wa ku tauni ya Pita, kumapiri kwathu. Chisusu amayankhula choseketsa, cha m'mphuno, ndipo ana a mumpanda amawayeserera. Ku Dalaba amabwera pa chikondwerero cha pachaka chopha nkhosa, amakhala mpaka maondo ayambe kudandaula. Sananenepe, sanalemere, ndipo sanasiye kuchedwa.

Mwezi wathawu anandiimbira masana. Kumbuyo kunkamveka injini ndi anthu akukuwa.

"Muli kuti, alamu?"

"M'bwato. Tikupita kuchilumba cha Kassa ndi a Mabinty, kuli mchemwali wawo wabereka."

"Inu m'bwato? Mumadziwa kusambira?"

"Ayi. Andiveka chijekete chonunkha. Djenabou, pali mbalame ina yoyera ikutitsatira kuchokera kudoko, sikukupiza mapiko n'komwe. Dikira ndione ngati itere."

Ndinadikira, foni ili kukhutu, ndikumva madzi akumenya bwato. Anaiwala kuti ndili pa foni, ndipo patapita nthawi ndinaidula ndekha n'kubwerera kukapeta fonyo.