Makaseti a Che Amidu

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 7, pamene abambo anga anayamba kugulitsa makina a magemu m'sitolo yathu ya mawailesi, pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Balaka. Nthawi imeneyo dziko lathu linalibe nyumba youlutsira za pakanema. Amene anali ndi kanema kunyumba, monga akuluakulu a pa boma ndi a kunjanji, ankangoonerapo mavidiyo. Abambo anaitanitsa makina angapo ku Joni, amodzi nkuwalumikiza ku kanema kuti ogula aziona mmene amagwirira ntchito. Popeza zala zanga zinali zochangamuka, ntchito yoonetsayo inagwera ine ndikaweruka kusukulu.

Makinawo anabwera ndi gemu yakeyake, yopangidwa ndi kampani yomweyo, ya kamunthu kodumpha maenje. Ndinkaidziwa ngati njira ya kuchitsime. Ndikaiyamba, ana ankadzadza pazenera, enanso ataberekana, ndipo ine ndinkamva kukoma anthu akamati, "Mtsikana uyu ndi katswiri."

Kenaka kunabwera Che Amidu, wamalonda wa ku Ntaja, mnzawo wa abambo kuyambira kale. Anali atagulitsa njinga yawo nkupikula katoni ya makaseti a magemu ena, opangidwa ndi makampani ena koma olowa m'makina omwewo. Anawasiya kwathu kuti tiziwagulitsa. Panapita miyezi iwiri. Makina athu anayenda, koma makaseti aja sanachoke ngakhale imodzi.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, Che Amidu anatulukira atatuwa ndi fumbi. Anapeza katoni yawo pansi pa shelefu, nasuzumiramo.

"Achimwene, inu mumangosamala zanu. Katundu wanga mwamukwirira," anatero.

"Iyayi, Che Amidu," abambo anayankha. "Mwina magemu anuwa ngosakoma. Wogula sakakamizidwa."

Sanakalipirane, koma Che Amidu anakana tiyi, chinthu chimene anali asanachitepo. Ine ndinkadziwa chimene onse awiri sankachidziwa. Katoni ija ndinaikankhira pansi pa shelefu ndine. Wogula akafunsa za makasetiwo ndinkati, "Amenewo ngotopetsa," pamene ndinali ndisanayeseko ndi imodzi yomwe. Ndinkaopa kugonja pa gemu yachilendo anthu akuona.

Che Amidu atanyamula katoni kuti azipita, mawu anangotuluka okha. Ndinaulula zonse, maso ali pansi.

Ndinkayembekezera chikoti. Abambo anangovula magalasi nkundiyang'ana. "Agnesi," anatero, "munthu akakusungitsa katundu, ndiye kuti wakusungitsanso pakamwa pako. Kuyambira mawa uzisewera makaseti awa, imodzi imodzi, anthu akuona. Ukaluza, uluze. Akakufunsa, unene chimene waona." Kenaka anatembenukira kwa mnzawo. "Nanenso ndinalakwa. Sitolo ndi yanga, koma sindinawerame kuti ndione pansi pa shelefu."

Che Amidu anatula katoni pansi. "Sikomo," anatero, nkupempha tiyi uja.

Sabata imeneyo inandiwawa. Ana omwe ankandichemerera anandiseka pamene galimoto yanga ya mu gemu inkangogwera m'ngalande. Koma gemu ya mpira inakopa anthu, moti mphunzitsi wina wa kumishoni anagula tsiku lomwelo, ndipo ya magalimoto inatsatira. Panali ina ya ndege imene inkangoima pakati, chithunzi nkuuma. Imeneyo ndinkauza ogula poyera kuti ndi yovuta, ndipo Che Amidu atadzionera okha anavomera kuti anaipikula osaiyesa. Anaitenga nkubwerera nayo ku Ntaja.

Lero ndikamva anthu akukangana kuti wolakwa ndani malonda akapanda kuyenda, kaya mwini makina, wopanga magemu kapena ogula, sindifulumira kuloza chala. Ndinaona ndi maso anga kuti mlandu wotere umakhala ndi eni ake angapo, ndipo aliyense amaona msanga gawo la mnzake. Gawo langa linali laling'ono, mawu awiri okha onena chinthu chimene sindinkachidziwa, koma linatsala pang'ono kudanitsa anthu amene ankadyera mbale imodzi ine ndisanabadwe.