Amuna amene mng'ono wanga anatchula

Kwa zaka zingapo ndinali mphunzitsi wa Sande sukulu pa katchalitchi kathu ka malata, kumtunda kwa dooko. Tinali mpingo wa obadwanso mwatsopano, ochepa pakati pa Asilamu ambirimbiri, ndipo kuchepako kunkatipatsa matama. Nkhani ya chilengedwe ndinkainena osatsegula buku: masiku asanu ndi limodzi, dothi, nthiti, njoka, chipatso. Ndinkauza ana kuti mwamuna aliyense ali ndi nthiti imodzi yoperewera, iwo n'kumadzigwiragwira m'mbali, ine osadziwa kuti ndikunama. Ndikafika pa chilango cha mkazi ndinkakweza mawu. Ndinali ndisanaberekepo, koma za ululu wa pobereka ndinkalankhula ngati mwini wake.

Mng'ono wanga anakwatiwa ndi msodzi wa mumpingo mwathu momwemo. Atakhala woyembekezera, anamwino akusikelo anamuuza kuti chiuno chake n'chaching'ono, mwezi ukayandikira akadikirire kuchipatala cha ku boma. Anabwera kudzandifunsa ine, mkulu wake. Ndinamuuza kuti ululu uja ndi gawo limene Mulungu anapatsa akazi, ndipo wokhulupirira sathawa gawo lake. Anangoti, "Chabwino, achemwali," n'kupitiriza kusankha mpunga.

Matenda ake anayamba Lachiwiri m'mawa, alamu ali kutali pa nyanja ndi anzawo a makoka. Kunabwera amayi abusa ndi amayi atatu a mapemphero. Kunabweranso azakhali athu, amene kutchalitchi sankapondako koma miyambo ya kubereka anali nayo pamutu. Tinaimba, tinapemphera m'malilime, dzuwa n'kufika pamutu mwana osaoneka.

Azakhali ndi amene anayambitsa. Kwathu kuno amati mkazi akavutika pochira, ndiye kuti anayenda ndi amuna ena ali ndi pakati, ndipo mwana satuluka mpaka mayiyo awatchule onse. Tsiku lina lililonse amayi abusa akanati zimenezo n'zachikunja. Tsiku limenelo anagwedeza mutu, n'kunena kuti tchimo lobisika limatseka njira. Mwambo ndi mpingo zinagwirana chanza pamwamba pa mimba ya mng'ono wanga, ine ndili pomwepo, nditamugwira dzanja.

Cha m'ma wani koloko kunabwera mayi wina wa Chisilamu, neba wathu wogulitsa usipa. Anaima pakhomo osalowa.

"Aneba, galimoto ya amuna anga ikupita ku Salima tsopano lino. Wallahi, kulira uku sikwabwino. Munyamuleni, malo alipo."

"Zikomo amayi," ndinatero ine, "koma ife tili naye Dokotala wamkulu."

Mawu amenewo ndinawanena ndikumwetulira. Galimoto inapita ndi usipa wake.

Mng'ono wanga anaukana mlandu wa amuna enawo kwa maola atatu. Ankati, "Sindinachite kanthu, azakhali, ndithu sindinachite." Kenako mphamvu zinamuthera. Anandikokera pafupi n'kundinong'oneza, "Achemwali, ndikatchula, anditengera kuchipatala?" Ndinayang'ana amayi abusa, iwo n'kuti choyamba aulule. Ndiye ndinamuyankha kuti inde.

Anatchula wa kabaza amene ankamunyamula popita kusikelo. Anatchula wogulitsa makala. Anatchula nkhalamba ina yosoka maukonde, yoti kuyenda kwake n'kwa ndodo. Ankangotchula aliyense amene nkhope yake yamubwerera, ndipo dzina lililonse amayi aja ankalilandira ndi "Aleluya!" Ine ndinadziwa pomwepo kuti akunama. Mwana ameneyu ndinamulera ndekha, ndinkagona naye mphasa imodzi. Koma sindinatsegule pakamwa.

Galimoto ina tinaipeza dzuwa litapendeka. Kuchipatala anachita zonse zimene akanatha. Anapulumutsa khanda, lachitsikana. Mng'ono wanga anataya magazi ambiri, ndipo Lachitatu m'mawa anatisiya.

Alamu pochokera kunyanja, nkhani ya amuna otchulidwa aja inali itawafika kale asanatsike m'bwato. Pamaliro anakhala kumbali ngati mlendo. Khandalo sanalinyamule ngakhale kamodzi. Ndinapita kwawo katatu kukawauza kuti zonse zija zinali zabodza, kuti mkazi wawo anagula ulendo wa kuchipatala ndi mbiri yake. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Munthu anganame ali pakhomo pa imfa, pamaso pa amayi abusa?" Ndinati anganame, ndinamuona ndi maso angawa. Iwo anati chisoni chandisokoneza mutu.

Maliro atatha ndinabwerera ku nkhani ya chilengedwe ija m'Baibulo ndili ndi mkwiyo, kufuna kuona pamene Mulungu analamula zimene tinachitazo. Ndinaiwerenga pang'onopang'ono, mwina kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga. Ndinapeza kuti yafotokozedwa kawiri. Koyamba, mwamuna ndi mkazi akulengedwa limodzi, onse m'chifanizo chimodzi, popanda za nthiti. Kachiwiri ndiye kwa dothi ndi munda kuja. Zaka zonsezo ndinkasakaniza ziwirizi n'kusankhamo zokomera ulaliki wanga. Lero ndimakhulupirira kuti amene anayamba kusimba nkhaniyi anali anthu ngati ife, oti anaikapo akazi awo m'manda, n'kumafunsa kuti n'chifukwa chiyani moyo umabwera ndi ululu wotere. Linali funso la anthu olira. Ife tinalisandutsa chigamulo cha bwalo, n'kumachiwerengera munthu amene akufa.

Ndinakawauza abusa zimenezi. Anandimvetsera mwaulemu, n'kunena kuti mzimu wa nzeru za dziko wandilowa, ndiyambe ndapuma pa ntchito yophunzitsa. Mpaka pano ndikupumabe. Kutchalitchi ndinasiya kupita. Ndimapemphera ndekha, masiku ena mawu amabwera, masiku ena ndimangokhala. Ena amati ndinatseguka maso. Kutseguka kwanji kobwera munthu atakwiriridwa kale? Madzi akatayika saoleka, ndipo kumvetsa kwanga kwatsopanoku sikunayeretse dzina la mng'ono wanga kwa munthu ndi mmodzi yemwe. Kumjigo amayi amamutchulabe pochenjeza ana awo aakazi.

Mwana uja ndikulera ndine. Ali ndi zaka zisanu, ndipo mphuno, mpata wa m'mano, ngakhale kayendedwe, zonse ndi za alamu. Dera lonse limaona, iwonso ali ndi maso. Anakwatira mkazi wina ndipo amakhala mbali ina ya dooko, koma njira yathu ya kumsika ndi imodzi. Sabata yatha tinakumana nawo atasenza injini ya bwato. Mwanayu ndinamuphunzitsa kupatsa moni akuluakulu onse, ndiye anapinda mawondo n'kuti, "Mwaswera bwanji, bambo?" monga amanenera kwa mwamuna aliyense wa m'njira.

Alamu anaima pang'ono. Anati, "Ndaswera, mwana wa eni." Anakonza injini paphewa n'kupitiriza ulendo.